Anayeza malo amodzi kawiri, bwanji zotsatira zinasiyana?

Funso: Asanatikumbire mjigo, akatswiri anabwera kudzayeza pansi pa nthaka, ndipo ankamenya chitsulo ndi nyundo yaikulu zipangizo zawo atazindandalika m'munda. Gulu loyamba linayeza mu Okutobala, lina linadzayeza pomwepo mu Febuluwale, koma sanagwirizane pa kuya kwa thanthwe. Kodi ena mwa iwo anatinamiza? Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu.

Yankho: N'kutheka ndithu kuti palibe amene anakunamizani. Njira munaonayo imatchedwa seismic refraction. Nyundo ikamenya chitsulo, mafunde a kunjenjemera amalowa pansi, ndipo ma geophone, tizipangizo tozikidwa m'dothi tomwe timamva kunjenjemerako, amalemba nthawi imene mafundewo afika. Kuya kwa thanthwe amachita kuwerengera kuchokera ku liwiro la mafundewo, lomwe m'dothi louma limakhala mamita mazana ochepa pa sekondi, mumchenga wodzaza madzi pafupifupi 1,500, pomwe m'thanthwe lolimba la gneiss, lofala pansi pa chigwa cha Kasungu, limafika 5,000 kapena kuposerapo.

Thanthwelo silinasunthe, chinasintha ndi dothi la pamwamba. Mu Okutobala limakhala louma ndi long'ambika, moti msomali wa geophone sugwira bwino, koma pofika Febuluwale lanyowa ndipo madzi a pansi akwera, makamaka pafupi ndi dambo, zomwe zimasintha liwiro la mafunde aja. Komanso kuno thanthwe limayamba lofumbutuka n'kumalimba pang'onopang'ono, kotero akatswiri awiri angathe kuika malire ake pamalo osiyana, onse akugwira ntchito moona mtima. Chigayo chikamalira pafupi kapena ng'ombe zikamadutsa, nthaka imanjenjemera n'kusokoneza zolembedwazo, n'chifukwa chake katswiri wosamala amamenya kangapo pamalo amodzi n'kuphatikiza zotsatira.

Vutoli limasautsa ngakhale makampani akuluakulu. Ku Sleipner, m'nyanja ya North Sea ku Norway, anayeza mu 1994, anayamba kupopera mpweya wa carbon dioxide pansi mu 1996, n'kuyezanso mu 1999, ndipo kuti mpweyawo uoneke pamene wafika, kuyeza kwachiwiri kunayenera kufanana kwambiri ndi koyamba.

Pemphani magulu onse awiri akupatseni manambala a GPS a pamene anazika zipangizo, kutalikirana kwake, ndi zolembedwa zoyambirira za makinawo. Ngati mizere yawo inadutsa posiyana, ngakhale ndi mamita ochepa, sanayeze chinthu chimodzi. Pokumba mjigowo, komiti yanu ionetsetse kuti okumba akulemba kuya kumene akumana ndi thanthwe lolimba.