Yankho kwa amene wafunsa za geni ya mafuta a mfuti

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwakhala mukuoda sipeya ndi oilo wa magalimoto kunja kwa zaka zingapo, ndipo tsopano kampani ina yolondera yakupemphani kuti muziibweretserako mafuta osamalira mfuti zam'manja, mapistol aja amene akangolira amadziikira okha chipolopolo china. Mukufuna kudziwa mmene geniyi imayendera, mafuta oti mupikule, komanso ngati pa boda sipavuta. Ndiyamba ndi mafutawo, chifukwa anthu ambiri amene ndawaona akulowa geniyi mpamba wawo unathera mu katundu wolakwika, asanakumane n'komwe ndi vuto la pa boda.

Muyambe mwadziwa chimene chimachitika m'kati mwa mfutiyo. Ikalira, chitsulo cha pamwamba chija, chimene eni ake amachitchula kuti slide, chimabwerera m'mbuyo mothamanga kwambiri chikuyenda pa tinjanji tiwiri. Chimataya chikhokho cha chipolopolo chimene chaphulika, kenako sipuling'i imachibwezera kutsogolo chitatenga chipolopolo china. Zonsezi zimachitika diso lisanaphethire. Zitsulo zimakhulana, zimatentha, ndipo utsi wa onga umasiya mwaye paliponse. Choncho mwini mfuti amafuna zinthu zitatu kwa inu: chochotsera mwayewo, chotereretsa pamene zitsulo zikukhudzana, ndi choteteza ku dzimbiri. Botolo lililonse limene mudzaone kwa opikulitsa limagwira imodzi mwa ntchitozi, kapena limayesa kugwira zonse zitatu.

Amene amayesa zonse zitatu amalembedwa kuti CLP. Mtunduwu unatchuka chifukwa cha asilikali a ku America, amene ankafuna kuti msilikali azinyamula botolo limodzi lokha, ndipo ali ndi muyezo wawo umene nambala yake ndi 63460. Break-Free ndi dzina limene mudzalimva kwambiri pa mafuta amenewa. Palinso Ballistol wa ku Germany, amene anapangidwa mu 1904 poganizira asilikali a dzikolo, ndipo mpaka lero akuyenda malonda chifukwa sawononga thabwa kapena chikopa, komanso amasakanikirana ndi madzi. Kwa kampani yolondera, kumene munthu mmodzi amapukuta mfuti zambiri, CLP ndi amene amatha msanga. Satsuka kwambiri ngati mankhwala otsukira enieni, sakhalitsa pa chitsulo ngati girizi, koma pa mfuti imene imangonyamulidwa tsiku ndi tsiku n'kumawombedwa mwa apo ndi apo, amakwanira.

Musasokoneze mafuta ndi mankhwala otsukira. Hoppe's No. 9, amene wakhalapo kuyambira 1903, ntchito yake ndi kusungunula mwaye ndi zotsalira za m'mpope wa mfuti momwe mumadutsa chipolopolo. Munthu akatsuka naye ayenera kupukuta n'kuika mafuta. Ndinaona wina atagula mabotolo a zotsukira okhaokha poganiza kuti ndi mafuta, pakuti mayina a kampani amafanana ndipo mabotolo ake amaima pamodzi. Werengani mawu a pansi pa dzinalo. Mankhwala ena otsukira amakhala ndi amoniya wochotsera mkuwa umene chipolopolo chimasiya mu mpope, ndipo amenewo akachedwa pa mfuti yokutidwa ndi chitsulo chonyezimira cha nickel amatha kuisupula. Mukamagulitsa muziwauza zimenezi.

Tsopano nkhani imene makasitomala amakangana kwambiri: oilo kapena girizi. Anthu a mfuti ali ndi kalankhulidwe kawo, amati chimene chimatsetsereka chipatseni girizi, chimene chimazungulira chipatseni oilo. Muli nzeru m'menemo, koma musakutenge ngati lamulo la mfuti zonse. Oilo amayenda yekha n'kulowa m'timipata, koma chifukwa cha kuyendako amatsika, amauma, ndipo mfuti imene yakhala m'chiuno mwezi wathunthu mumaipeza tinjanji take tauma. Girizi amakhala pamene mwamuika. Vuto lake ndi lakuti akachuluka kapena akakhala wolimba, amachedwetsa slide, makamaka kukazizira, ndipo mfuti imakanika kuika chipolopolo chachiwiri. Inu mwazolowera girizi wa mabeyaring'i a galimoto, amene nthawi zambiri amakhala wa giredi 2 pa muyezo wa kulimba kwa girizi wotchedwa NLGI. Wa mfuti zam'manja amafunika wofewerapo, ndipo amapakidwa pang'ono kwambiri, kungoti chitsulo chioneke kunyezimira.

Chimene chimadula mlanduwu ndi mfuti yeniyeniyo. N'chifukwa chake ine sindioda ndisanafunse kuti ali ndi mfuti za mtundu wanji. Glock, imene inatulukira ku Austria kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, thupi lake ndi la pulasitiki wolimba, ndipo slide imagunda pa tizitsulo tinayi tating'ono basi. Buku lake limanena za timadontho towerengeka pa malo osankhidwa. Yatsopano imabwera ndi girizi wofiirira ngati mkuwa m'kati mwa slide, ndipo ameneyo woipanga anaika dala, si dzimbiri. Koma mfuti za thupi la aluminiyamu monga SIG Sauer P226 kapena Beretta 92 zili ndi njanji zazitali, ndipo chitsulo chikamakhula aluminiyamu pouma chimadya chikuto chake. Zimenezi zimafuna mafuta ochulukirapo, ndipo eni ake ambiri amakonda girizi wofewa pa njanji. Mtundu wakale uja wa 1911, umene anaukonza John Browning, ndi wachitsulo chokhachokha ndipo sufuna kuuma. Za chitsulo chosachita dzimbiri msanga zili ndi vuto lawolawo: zitsulo ziwiri zofanana zikakhulana popanda mafuta zimakandana mpaka kugwirana. Mukaona buku la wopanga mfuti likunena china, wogulitsa mafuta akunenanso china, mverani buku.

Chinthu chimodzi chimene mungakhale nacho m'sitoko yanu kale, girizi kapena ufa wa graphite, musawapatse anthu a mfuti za aluminiyamu. Graphite ikakumana ndi aluminiyamu pali chinyezi, imachititsa kuti aluminiyamuyo adyeke.

Adzakufunsani za WD-40, ndipo adzakufunsani kawirikawiri, poti aliyense amamudziwa ndipo sasowa. Anapangidwa mu 1953 ku San Diego, ndipo zilembo ziwirizo zimanena za kuthamangitsa madzi. Pa ntchito imeneyo ndi wabwino: mfuti ikanyowa ndi mvula amathandiza kuchotsa madzi. Koma ndi wopepuka kwambiri, mbali yaikulu imauluka, ndipo chotsalacho sichikwanira kutereretsa slide imene ikumenya mobwerezabwereza. Oilo wa injini, makamaka wa synthetic, amatereretsa bwino ndithu, ndipo sindinganame kuti sagwira ntchito. Kungoti anapangidwira m'kati mwa injini yotsekeka, osati chitsulo chimene chili pamtetete chikugwidwa ndi manja a thukuta. Mafuta ophikira okha akanizeni osanyengerera, chifukwa amasasa n'kusanduka phula. Mankhwala otsukira mabuleki nawonso muwachenjeze: amachotsa mafuta onse n'kusiya chitsulo pambalambanda, ndipo ena amawononga pulasitiki ndi penti wa pa zoyang'anira poloza mfuti.

Nyengo ya kumene mfutiyo ikugwirira ntchito imasinthanso oda yanu. Kumalo a chinyezi, kapena kufupi ndi madzi amchere, chachikulu ndi dzimbiri, ndipo mfuti yokhala pathupi imamwa thukuta, lomwe lili ndi mchere. Kumeneko mumafuna mafuta amene amasiya chikuto chopyapyala panja pa chitsulo. Kumalo a fumbi, panja pazikhala pouma, mafuta azikhala m'kati pamene zitsulo zikukhulana. Ena amamva izi molakwika n'kusiyiratu kuika mafuta poopa fumbi, koma mfuti ya fumbi youma imakanika msanga kuposa ya fumbi yokhala ndi mafuta. Kozizira kwambiri kumafuna oilo wopepuka, moti asilikali a ku America ali ndi mtundu wapadera wa kumalo a chisanu choopsa.

Ndikhale pang'ono pa nkhani ya kuchulutsa mafuta, chifukwa ndi imene inandiphunzitsa geniyi. Ndikungoyamba kumene, kasitomala wina anandibwezera katundu akunena kuti mafuta anga ndi achinyengo, mfuti zake ziwiri zakana kulira pa tsiku loyeserera. Ndinadandaula kwambiri, pakuti ndinali nditapikula kwa anthu odalirika. Katswiri wawo wa mfuti atazimasula anapeza kuti anyamata ankathira mafuta m'kabowo momwe mumayenda kachitsulo komenya chipolopolo. Mafutawo anasakanikirana ndi mwaye n'kukhala phala, kachitsulo kaja n'kumamenya mofooka. M'kabowo kameneka mumafunika mukhale mouma. Chimodzimodzinso m'magazini momwe mumakhala zipolopolo, ndi m'chipinda cha mpope momwe chipolopolo chimakhala chisanaphulike. Mafuta olowerera akakhalitsa pa chipolopolo amatha kuchipha. Taganizani mlonda amene moyo wake wadalira mfuti imeneyo usiku. Kuchokera tsiku limenelo, katoni iliyonse imene ndimapereka imapita ndi kapepala kofotokoza pothira ndi posathira, ndipo ndimakonda mabotolo a kamlomo kosongoka ngati singano, otulutsa dontho limodzi, kusiyana ndi opopera amene amamwaza paliponse. Ndimakumbutsanso, ngakhale kwa akatswiri, kuti asanagwire botolo achotse magazini, ayang'ane m'chipinda cha mpope ndi maso awo, ndipo zipolopolo azisiye kutali ndi tebulo. Ngozi zambiri zopukuta mfuti zimayambira pa mawu akuti ndimaganiza kuti mulibe kanthu.

Tibwere ku boda. Mafuta si mfuti, ndipo kawirikawiri amalowa ngati katundu wamba wa mafuta ndi mankhwala. Komabe mawu akuti gun akaoneka pa katoni, ofesala wa kasitomu amaimika kaye zonse, ndipo ali ndi chifukwa. Lembani zoona pa fomu. Musayese kulemba kuti ndi oilo wa makina osokera, chifukwa akatsegula n'kupeza chithunzi cha mfuti pa botolo, mwadzipalira mlandu pa chinthu chimene chinali chololedwa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye funsani ku ofesi ya msonkho ndi ku ofesi yoona za ziphaso za mfuti, kumene mukuchokera, kumene mukudutsa ndi kumene mukupita, musanalipire katundu.

Pa manambala a katundu amene akasitomu a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, mafuta otereretsa amagwera pawiri. Ngati mafuta a pansi pa nthaka afika magawo 70 pa 100 a kulemera kwake kapena kupitirira, amalowa pa 2710. Akachepera pamenepo, kapena ngati ndi a synthetic amtundu wina, amalowa pa 3403. Mankhwala otsukira ali ndi manambala ena. Kuti ejenti wanu wa pa boda asankhe nambala yolondola, pemphani kwa wopikulitsa pepala lotchedwa SDS la mtundu uliwonse. Limafotokoza zimene zili m'botolo, kuyaka kwake ndi kanyamulidwe kake. Wopikulitsa amene akuzemba kukupatsani pepalali, musiyeni. Zitini zopopera zili m'gulu la katundu woopsa, nambala yake ndi UN 1950, ndipo a ndege ndi a mtengatenga ambiri amazikana kapena amafuna mapepala apadera. N'chifukwa china chimene ndimakondera mabotolo wamba.

Ndipo tsiku lina kasitomala, mwina amene mwazolowerana naye, adzakunong'onezani kuti poti mukupita komweko mumutengereko magazini imodzi, kasipuling'i kapena tizipolopolo tochepa. Kanani. Zimenezo ndi zida, zimafuna chilolezo chawochawo, ndipo kachitsulo kamodzi kangakulandikitseni katundu yense ndi kukulowetsani m'chitokosi. Ine ngakhale mafuta enieniwa ndimagulitsa kwa makampani olembetsedwa, magulu a masewera owombera, masitolo a ziphaso ndi anthu amene mfuti zawo zili ndi laisensi. Munthu wosafuna kuti dzina lake lilembedwe pa lisiti sindichita naye malonda.

Za panjira nzosavuta koma zimapweteka mukazinyozera. Katoni yanga ina inagonekedwa chammbali m'lole yotentha, zivindikiro zinamasuka, mafuta ananyowetsa mapepala a pa mabotolo onse, ndipo botolo lopanda dzina palibe amene amaligula pamtengo wake. Mangani zivindikiro ndi tepi, ikani mabotolo m'majumbo, katoni iime chilili, ndipo ikhale kutali ndi zakudya ndi zovala. Ena amagula chigubu chachikulu n'kumathira m'timabotolo kuti phindu likwere. Phindulo limaoneka, koma kasitomala amataya malangizo ndi nambala ya gulu la katunduyo, ndipo chikavuta china simungasonyeze kuti munagulitsa chenicheni. Mafuta ena ali ndi tinthu timene timadikha pansi, choncho osagwedeza chigubu amapatsa wina madzi okhaokha, wina nsenga.

Dziwaninso kuti katunduyu amayenda pang'onopang'ono. Botolo laling'ono limatha miyezi yambiri kwa munthu wa mfuti imodzi, ndiye musamangirire mpamba wonse pamenepo ngati mmene mumachitira ndi oilo wa magalimoto. Chimene chimabweretsa kasitomala kawirikawiri ndi tinsalu topukutira mu mpope ndi tiburashi, ndipo tiburashito timayendera kukula kwa mpope, monga 9mm kapena .45, choncho musaode mongoganizira. Ulendo woyamba, pitani kwa amene amasunga mfuti pa kampani ija, akuuzeni mitundu ya mfuti, kuchuluka kwake, kangati pamwezi amawombera, ndi zimene mabuku ake akunena. Mukatero tengani CLP wokwanira miyezi itatu, mabotolo ochepa a mankhwala otsukira, ndi machubu awiri kapena atatu a girizi wofewa ngati ali ndi mfuti za aluminiyamu kapena zachitsulo chokhachokha. Mukabwerako mundiuze mitundu imene mwaipeza kumeneko, tidzaonere limodzi oda yachiwiri.