Madisiki awiri ofanana, ndiye kuti mafayilo anga sangatayikenso?

Funso: Akulu, ine ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ndipo zonse zili pa hard drive imodzi. Mnzanga akuti ndigule ka NAS (kabokosi kosungira mafayilo kolumikizidwa pa netiweki) ka madisiki awiri ndiike RAID 1, ati imodzi ikafa palibe chotayika. Zoona zimenezi kapena ndingowononga ndalama? Wojambula, Zomba

Yankho: Achimwene, mnzanuyo sakunama koma sanamalize kukufotokozerani. RAID 1 imagwira ngati buku la malisiti la kaboni lija, mukaseva fayilo imalembedwa pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo. Ndiye imodzi ikafa inayo imangopitiriza ntchito, mwinanso inu osadziwa nkomwe mpaka kabokosiko kayambe kulira kapena kuyatsa kagetsi kochenjeza. Mumasolola yakufayo, kulowetsa yatsopano, makina nkukoperanso zonse okha, ndiye rebuild imene amanena ija. Kuwawa kwake nkwakuti madisiki awiri a 4TB amakupatsani malo a 4TB basi, ndipo mukaphatikiza 4TB ndi 2TB mupeza 2TB.

Dzina loti RAID linatchuka ndi pepala la mu 1988 la David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku University of California, Berkeley, ndipo china chomwe chimawapweteka mutu chinali choti ukachulukitsa madisiki otchipa ina siichedwa kufa. Vuto lokhalo ndi lomwe RAID 1 imathana nalo.

Nde apa mvetserani bwino. Mukadilita foda ya ukwati wa eni ake mwangozi, yapita pa madisiki onse awiri pompo. Ransomware, vayirasi ya akuba ofuna dipo ija, ikalowa imakhoma mafayilo konsekonse, makinawo sasankha kuti ichi nchabwino ichi nchoipa amangokopera. Nanga mphenzi nthawi ya dzinja, kapena magetsi akabwera ndi mphamvu atazima tsiku lonse, kapena wakuba kunyamula kabokosi konse? Madisiki onse ali mommo.

China chomwe ogulitsa sakonda kunena, madisiki ogula tsiku limodzi amtundu umodzi amakalambanso limodzi, ndipo pa rebuild yotsalayo imawerengedwa yonse kwa maola ambirimbiri osapuma, ikakhala kuti nayo inali itatopa ikhoza kukomoka ntchito ili mkati. Choncho imodzi ikafa musamati ndigula mwezi ukatha, nthawi imeneyo muli pa disiki imodzi ngati kale.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi external drive, disiki yolumikiza kunja kwa kompyuta ija, kukoperako sabata ndi sabata kenako kuizula nkukaisunga nyumba ina, chifukwa mkwatibwi sadzamva zoti kompyuta inavuta. Ndalama zikalola gulani NAS ija, makampani a Synology ndi QNAP onse ali ndi tamadisiki awiri, muwonjezere UPS (batire yogwirizira makina magetsi akazima), muyatsenso zoti kazikutumizirani imelo S.M.A.R.T., njira yomwe disiki imadziyezera thanzi, ikaona kuti disiki yayamba kudwala.