Madzi a mvula olowa m'damu logwira matope pa mgodi wa malasha wokwiriridwa: tiwerengere bwanji?

Funso: Ndapatsidwa ntchito yokonza pulani ya damu logwira matope pa malo a mahekitala 20 amene ankakumbapo malasha ku West Virginia, America. Akwirira kale, kwatsala kudzala udzu. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi lamulo, achimwene. Pansi pa SMCRA ya 1977, lamulo la America loyang'anira migodi ya malasha yokumba pamtunda ndi kukwirira kwake, damu lotere liyenera kusunga kapena kuyeretsa madzi a mvula ya maola 24 yomwe imayembekezeka kamodzi pa zaka 10. Kuchuluka kwa mvulayo m'dera lanu mukupeza mu NOAA Atlas 14, buku la boma la America la ziwerengero za mvula.

Si mvula yonse imathamanga pamtunda, ina imalowa pansi. Ambiri amawerengera ndi njira ya Curve Number, CN mwachidule, nambala yomwe ikakwera ndiye kuti madzi ambiri akuthamanga pamtunda. Mu mamilimita, S = 25400/CN − 254, ndipo Q = (P − 0.2S)² / (P + 0.8S). P ndi mvula yomwe yagwa, Q ndi madzi othamanga, S ndi madzi omwe nthaka ingathe kusunga.

Tiyerekeze kuti P ndi mamilimita 100. M'buku la TR-55, lomwe lili ndi ma CN a nthaka za magulu A mpaka D (A imamwa madzi kwambiri, D pang'ono), nthaka ya gulu C yongosalazidwa kumene, yopanda chomera, ili ndi CN 91. S imatuluka 25, Q 75. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi makyubikimita 10, choncho pa mahekitala 20 mupeza makyubikimita 15,000. Nthaka yomweyo ikamera udzu wothithikana CN imatsika kufika 74, Q n'kukhala 39, makyubikimita pafupifupi 7,900.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Amasankha CN ya malo obiriwira amene akuwaona pa pulani, pomwe damu limavutika kwambiri chaka choyamba, nthaka ili mbee. Tengani ya 91. Musakhulupirirenso mapu a nthaka ojambulidwa mgodi usanatsegulidwe, chifukwa nthaka imeneyo kulibenso. Dothi lobwezeretsedwa lapondedwa ndi mabuldoza ndi magalimoto olemera, ndiye lomwe kale linali gulu B likhoza kumakana madzi ngati C kapena D. Pitani mukayeze nokha mmene madzi akulowera pansi, malo angapo, makamaka m'njira za magalimoto.

Funso: Nanga kukula kwa paipi ndi ngalande yotayira madzi osefukira?

Yankho: Pamenepo chofunika ndi kuchuluka kwa madzi obwera pa sekondi pachimake pa mvula. Pezani kaye nthawi yomwe madzi ochokera kumalire akutali amatenga kuti afike padamu. Njira ya Kirpich imati mphindi = 0.0195 × L^0.77 × S^−0.385, L kukhala mtunda m'mamita, S pano kukhala kutsetsereka kwa malo, osati S ya poyamba ija. Mamita 600 otsetsereka 0.05 akupatsani mphindi pafupifupi 9. Pa malo aang'ono chonchi, Q = CiA/360 imakwanira poyesa mwachangu (pano Q ndi makyubikimita pa sekondi, C ndi gawo la mvula lothamanga pamtunda, i ndi mamilimita a mvula pa ola, A ndi mahekitala): C ya 0.6, mvula ya mamilimita 120 pa ola ndi mahekitala 20 zikupereka makyubikimita 4 pa sekondi. Manambala a C ndi i awa ndi chitsanzo chabe, anu mutenge a dera lanu. Pa pulani yopita ku boma ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya SEDCAD.

Ngalande yotayira ili ndi mvula yakeyake m'lamulo: ya maola 6 ya kamodzi pa zaka 25 pa madamu aang'ono, ya zaka 100 pa amene afika msinkhu woyang'aniridwa ndi MSHA, bungwe la boma loona za chitetezo m'migodi. Iyalidwe miyala, ndipo ikumbidwe m'nthaka yolimba pambali, osati pakhoma lomwe mwaunjika.

Funso: Damu lathu ndi lalikulu mokwanira koma madzi akutulukabe ofiira. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Kawirikawiri madzi akudula njira. Polowera ndi potulukira zikayandikana, madzi amangodutsa, gawo lalikulu la damu n'kukhala lopanda ntchito. Utali ukhale kawiri m'lifupi kapena kuposa, apo ayi ikani zotchinga m'kati kuti madzi azizungulira.

Kachiwiri ndi kukula kwa timibulu ta dothi. Ka mamilimita 0.02 kamamira mita imodzi pasanathe ola, koma ka makande ka 0.002 kamafuna masiku oposa atatu m'madzi odekha. Makande sangakhazikike ngakhale mukulitse damu, amafuna mankhwala monga gypsum kapena polyacrylamide polowera madzi kuti timibuluto tigwirane. Muyezo wa boma pa madzi otuluka pa malo okwiriridwa ndi matope okhazikika osaposa mamililita 0.5 pa lita, ndi pH (muyezo wa asidi m'madzi) ya pakati pa 6 ndi 9.

Onaninso matope omwe adzaza kale pansi. Malo awo amawerengeredwa padera, osaphatikiza ndi makyubikimita 15,000 aja. Zikani mtengo wolembedwa mulingo m'damu, matope akafika pa chizindikiro muchotse mvula isanabwerenso.