Mwana wanga ku Al-Azhar wasiya kupita m'kalasi, akuti aziphunzira pa foni

Bambo ena andilembera imelo yokhudza mwana wawo wamwamuna amene ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a Sharia pa yunivesite ya Al-Azhar ku Cairo. Akuti miyezi yapitayi mnyamatayo wasintha: amaoneka pa WhatsApp mpaka mbandakucha, waonda, akamuimbira amayankha mwachidule, ndipo wavomera yekha kuti m'kalasi sakupitamonso kawirikawiri, poti maphunziro a mashehe akuluakulu ali kale pa YouTube. Bambowa akufunsa ngati foni ndiyo yamuwononga, ngati imani yake (chikhulupiriro chake) yafooka, komanso ngati kuli bwino kuti angomuitanitsa kumudzi azidzaphunzira pa intaneti.

Bambo, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Mmene ndikuonera, foni siimene yayambitsa vutoli, koma ndi kumene mwana wanu wathawira atasowa munthu womudziwa ndi dzina mumzinda wa anthu oposa 20 miliyoni. Mukayamba ndi kulimbana ndi foniyo, mumutsekera pothawira chomwe chikumuthamangitsa chikadalipo.

Ndiyambe ndi mmene Al-Azhar inkasungira ophunzira ochokera kutali, chifukwa anthu amene amayamikira maphunziro achikale amakumbukira kuloweza ndi mwambo wokhwima, n'kuiwala mbali imeneyi. Mzikiti wa Al-Azhar, momwe maphunzirowa anayambira, unayamba kumangidwa mu 970 ndipo unatsegulidwa mu 972. Kwa zaka mazana ambiri, mlendo wodzaphunzira ankafikira m'chigawo cha mzikiti chotchedwa riwaq, momwe munali pogona, powerengera ndi posungira mabuku pa anthu ochokera dera limodzi. Panali riwaq ya anthu a kumpoto chakumadzulo kwa Africa, ya a ku Syria, ya a ku Turkey, ya a ku Java, ya a ku Sennar m'dziko la Sudan, ndi ya Jabarti yomwe inkalandira Asilamu a kuzigawo za Ethiopia ndi Somalia. Riwaq iliyonse inali ndi shehe woiyang'anira, ndipo ophunzira ankalandira buledi kuchokera ku chuma cha waqf chimene anthu opeza bwino ankapatula chifukwa cha Mulungu. Mphunzitsi ankakhala patsinde pa mzati wake, ophunzira atamuzungulira, kotero kuti wina akajomba zinkadziwika tsiku lomwelo, ndipo womufunafuna anali munthu woyankhula chinenero cha kwawo. Kuphunzira, kudya, kugona ndi kudwazikana zinali m'dongosolo limodzi.

Yunivesite imene mwana wanu walowa ndi ya mtundu wina. Lamulo nambala 103 la mu 1961, m'nthawi ya mtsogoleri wa Egypt Gamal Abdel Nasser, linaisintha Al-Azhar kukhala yunivesite yamakono yokhala ndi makoleji a udokotala, uinjiniya ndi ulimi pambali pa a chipembedzo, ndipo lero ili ndi nthambi m'zigawo zambiri za Egypt. Zimenezi zinatsegulira mwayi anthu ochuluka, komabe m'holo yodzaza mphunzitsi sangadziwe nkhope iliyonse, ndipo wophunzira akhoza kutha chigawo chonse cha chaka akungowerenga buku la silabasi podikira mayeso. Palinso nkhani ya chinenero: Chiarabu cha m'mabuku chimene ana athu amaphunzira ku madrasa ndi chosiyana ndi chimene anthu a ku Cairo amayankhula pamsika ndi m'basi, ndipo aphunzitsi ena akamafotokoza amalowetsamo cha pamsikacho. Choncho mnyamatayo akamati pa YouTube akumva bwino sakunama kwenikweni, chifukwa kumeneko akhoza kuimitsa shehe, kubweza m'mbuyo, n'kumveranso kachitatu popanda womuseka.

Ubwino wa zipangizozi sindiukana. Pulogalamu ya al-Maktaba al-Shamila imaika mabuku masauzande a tafsir (ndemanga za Qur'an), hadith (mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad) ndi fiqh (malamulo a Chisilamu) m'kompyuta imodzi kwaulere, ndipo hadith imene wophunzira wakale akanaifufuza sabata yathunthu lero imapezeka nthawi yochepa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa masukulu, maphunziro ambiri anapitirira chifukwa cha intaneti yomweyo. Chimene kanema sangachite ndi kumumvera wophunzira. Maphunziro a Chisilamu anamangidwa pa kulandira kuchokera pakamwa pa mphunzitsi: wophunzira amawerenga, shehe amamukonza katchulidwe ka chilembo kapena kamvedwe ka chiganizo, ndipo akakhutira amamupatsa ijaza, chilolezo chokaphunzitsa ena, chokhala ndi mndandanda wa aphunzitsi kubwerera m'mbuyo. Muhammad ibn Sirin, mmodzi wa akuluakulu a m'badwo wotsatira maswahaba (anzake a Mtumiki), anachenjeza kuti maphunziro amenewa ndi chipembedzo, choncho munthu aziyang'ana amene akutengako chipembedzo chake. Pa YouTube wosankha mphunzitsi kawirikawiri si wophunzira, koma makina amene amakankhira patsogolo kanema yemwe anthu akumuonera kwambiri, ndipo makanema a mikangano ndi kunyozana kwa magulu ndi amene sachedwa kukwera pamwamba. Ine malire sindiwaika pakati pa foni ndi mphasa ya mumzikiti, pakuti alipo aphunzitsi amene amamvetsera ophunzira awo akuwerenga Qur'an kudzera pa Zoom n'kumawakonza bwinobwino. Malire ali pakati pa phunziro limene mphunzitsi amakumva ndi limene iwe umangoonerera.

Za imani, ndikupempheni kuti mawu amenewo musawatchule kwa iye pakadali pano. Wachinyamata amene akulephera kugona ndi kudya akauzidwa kuti vuto lake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, amangoonjezera manyazi pa katundu amene wasenza kale, ndipo amasiya kuulula. Akatswiri a Chisilamu akale sankaona nkhaniyi mwachidule chotero. Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba za kasamalidwe ka thupi ndi mtima pamodzi, ndipo anasiyanitsa chisoni chimene chifukwa chake chikudziwika, monga imfa kapena kutaya chuma, ndi chisoni chimene chimangomugwera munthu popanda chifukwa chooneka, chomwe iye anati gwero lake lili m'thupi ndipo chimafuna chithandizo. Mu hadith ya m'buku la Bukhari, Salman, mmodzi wa maswahaba, atapeza kuti mnzake Abu Darda akudzimana tulo ndi chakudya chifukwa cha mapemphero, anamuuza kuti Mbuye wake ali ndi ufulu pa iye, thupi lake lili ndi ufulu pa iye, ndiponso banja lake lili ndi ufulu pa iye. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, atamva anati Salman wanena zoona. Duwa ndi swala (mapemphero) zili ndi malo ake, ndipo dokotala alinso ndi malo ake.

Mufufuzenso za ndalama, chifukwa ana ambiri amabisa njala poopa kuvutitsa makolo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu Malichi 2024 paundi ya ku Egypt inagwa kuchoka pa 31 kufika pafupifupi 50 pa dola imodzi, mitengo ya zinthu nayo ili yokwera kale. Muonjezerepo kutentha koopsa kwa mu Juni mpaka Ogasiti, kuzizira kwa mu Januwale pamene kwathu kuli dzinja la mvula, mizere yokonzetsa chiphaso chokhalira m'dziko, ndi mawu achipongwe amene ophunzira akuda nthawi zina amakumana nawo mumsewu. Kumudzi nako mwina abale anayamba kale kumutchula kuti Shehe asanakhoze n'komwe mayeso a chaka choyamba, ndipo ulemu woterewu umalemera pamutu pa mwana amene akuopa kulephera.

Choyamba kuchita n'kudziwa kumene akukhala, kaya ndi ku Madinat al-Bu'uth, malo amene Al-Azhar imasungirako ophunzira akunja, kapena m'nyumba ya lendi, komanso amene amadya naye. Mupeze wophunzira wamkulu wochokera ku Malawi kuno amene wakhalitsa ku Cairo, mumupemphe kuti azimuyendera ndi kumutenga kokadya, osati ngati kazitape wanu koma ngati mkulu wake. Ntchito imene riwaq inkagwira ndi yomweyi. Kenaka mumulimbikitse kuti asankhe phunziro limodzi lokha mwa amene amachitikabe mumzikiti wa Al-Azhar ndi m'malo oyandikana nawo, momwe mashehe amawerengetsa mabuku akale ophunzira atakhala pansi, ndipo azipitako sabata iliyonse mpaka shehe amuzolowere nkhope. Makanema asawasiye, koma aziwagwiritsa ntchito pobwereza zimene wamva kumeneko. Inuyo muzimuimbira pa kanema tsiku lokhazikika, madzulo osati pakati pa usiku (nthawi ya ku Cairo imafanana ndi yathu, kupatula miyezi yotentha ya kumeneko pamene amatsogola ndi ola limodzi), ndipo funso loyamba likhale la chimene wadya, osati la mayeso.

Ngati kusagona, kusadya ndi kusafuna chilichonse kwapitirira masabata awiri, akaonane ndi dokotala wa matenda a maganizo, ndipo mnzake uja amuperekeze. Akayamba kunena kuti moyo wamutopetsa kapena kuti kuli bwino kufa, musadikire mayeso kapena tchuthi: asakhale yekha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mudziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Cairo. Zikafika pamenepo, kubwera kumudzi n'koyenera, koma asananyamuke afunse ku koleji yake njira yoimitsira maphunziro kwa kanthawi kuti malo ake asatayike. Akafika kuno mumupezere shehe wapafupi woti azimuwerengera pamaso, ndipo maphunziro a pa intaneti akhale oonjezera pa zimenezo.