Ku Dar katundu ngotchipa, koma phindu limathera panjira

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu akapita ku Dar es Salaam ndi mpamba wochepa amabwerako atalemera, komanso kuti geniyi imayenda bwanji. Zolemerazo ndi nkhambakamwa. Katundu ngotchipadi, koma mtengo umene mukaumve ku Kariakoo, dera la msika waukulu wa mumzindawo, si umene katunduyo adzafikire nawo ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Kutchipako gwero lake ndi doko. Kale pamalopo panali mudzi wa asodzi wotchedwa Mzizima, mpaka Sultan Majid wa ku Zanzibar atayamba kumangapo tauni m'zaka za m'ma 1860. Mu 1891 Ajeremani anasamutsira likulu lawo pamenepo kuchoka ku Bagamoyo, poti ku Bagamoyo madzi ngosaya ndipo sitima zikuluzikulu zinkaima patali. Lero boma lili ku Dodoma, koma ndalama zinatsala ku Dar. Makontena a ku China, Dubai ndi India akatsitsidwa, Kariakoo ali chapafupi pomwepo, ndiye katundu sanadutse m'manja ambiri. Ife Amalawi njirayi tinaizolowera m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Mpaka pano galimoto zambiri za ku Japan zimene mumaziona zikulowera ku Karonga zimatsikira komweko.

Ulendo wake ndi wa pa Songwe. Mudinditsa pasipoti, muwoloka mlatho, mwafika pa Kasumulu. Viza sitifunsidwa. Wotchi muikankhire kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo kondakitala akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa. Ambiri basi imawasiya chifukwa cha zimenezi. Kuchoka pa Kasumulu mulowera ku Mbeya, ndipo kuchoka kumeneko mukhala m'basi tsiku lathunthu, kudutsa Iringa, phiri la Kitonga ndi nkhalango ya Mikumi, kumene mbidzi ndi njovu mumaziona muli pampando osalipira kanthu. Mukatsikira pa depoti ya Magufuli ku Mbezi.

Ku Kariakoo tsiku loyamba musagule. Ingoyendani, funsani mitengo, lembani m'kope. Misewu yake ili ndi katundu wakewake: zovala mumsewu wa Congo, mafoni ndi zamagetsi cha kumsewu wa Aggrey. Mukangoima pang'ono akupezani anyamata amene amawatcha mawinga. Alibe sitolo iwowo. Amakutengerani kwa mwini katundu ataikapo kale yawo pamwamba, ndipo akamva Chiswahili chanu chikutsimphina mtengo umakwera pomwepo. Sindikuti onse ndi akuba, ena amathandizadi kupeza chinthu msanga, koma pofika ulendo wachiwiri muzikhala muli ndi nambala za eni masitolo. Funsani mtengo wa jumla, woodera, osati wa rejareja, wogula chimodzichimodzi. Lisiti ya makina muziitenga nthawi zonse.

Tsono pamene ndalama imatayikira ndi apa. Choyamba n'kusintha kwacha. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja m'mabanki zakhala zosowa, ndipo amene amasintha pachipata amadziwa kuti mulibe kolowera. Werengani mashilingi anu pamaso pawo musanapereke zanu. Kenaka pali wonyamula: ambirife katundu timamusiya kwa a malole komweko ku Kariakoo atalembedwa dzina ndi nambala, ife n'kubwerera pa basi. Musapatse munthu amene simunamumvere mbiri kwa Amalawi anzanu. Pomaliza pali a MRA pa Songwe. Nsapato ya ku China ndi ya ku China basi ngakhale mwaigula ku Tanzania, msonkho wake ulipo, ndipo za mgwirizano wa zamalonda wa COMESA zimene anzathu a ku Chipata amapindula nazo kuno sizigwira, poti Tanzania inatulukamo mu 2000. Wina akakuuzani kuti akuwolotserani katundu pamtsinje usiku, dziwani kuti akagwidwa wolandidwa ndinu. Muzimveranso nkhani pa wailesi musananyamuke. Mu 2025 boma lathu litaletsa kuitanitsa zinthu zina, Tanzania inabwezera mu Epulo potseka njira ya zokolola zathu, malole n'kuima pachipata.

Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndiye musadzitsekere m'chipinda. Lawirirani ku msika wa nsomba wa Kivukoni, asodzi akamatsitsa nsomba n'kumazigulitsa mopikisanitsa mitengo. Ife a chambo ndi usipa timangoti kukamwa yasa ndi kukula kwa nsomba za m'nyanja ya mchere. Pomwepo pali pantoni yowolokera ku Kigamboni, yotsika mtengo, ndipo muli pakati pa madzi mumaona sitima zamakontena zikulowa pakhomo lopapatiza la dokolo. Pobwerera mudutse pa tchalitchi cha Azania Front cha denga lofiira, chimene anamanga amishoni a ku Germany, ndi chipilala cha Askari cha mu 1927, chokumbukira asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Madzulo anthu amakhamukira ku Coco Beach kukadya chinangwa chokazinga ndi mishkaki, nyama yowotcha yotungidwa pa timitengo. Kukutenthatu ndipo kuli chinyontho, ndiye madzi a dafu, kokonati wamuwisi, musawaumire.

Boti la ku Zanzibar limatenga maola awiri okha ndipo lidzakukopani, koma alendo amalipitsidwa mtengo wokwera kuposa eni dziko. Limenelo mudzakwere katundu woyamba atagulidwa yense.