Chimangirizo si chilichonse chimene mwamaliza kulemba

Amayi a ku Lobi, mwafunsa ngati lipoti la banki mkhonde limene mwamaliza kulemba lingatchedwe chimangirizo, poti mwana wanu wa Fomu 2 amatchula choncho ntchito yake ya kusukulu. Ayi mayi, lanulo ndi lipoti basi. Kalata yopita kwa amfumu ndi kalata, ndakatulo ndi ndakatulo. Zonsezi tikaziphatikiza timangoti zolemba kapena zolembalemba.

Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri cha ku Bembeke kuno, ndipo mawu amenewa ndimawakonda. Tamverani tsinde lake: kumanga, kumangiriza, chimangirizo, monga mmene kuphunzitsa kumaberekera chiphunzitso. Chikakhala chimodzi timati chimangirizo changa, zikachuluka zimangirizo zanga.

Ana a m'kalasi mwanga ndinkawauza za amayi otsika ndi nkhuni m'phiri la Dedza. Nkhuni zili mbwee pansi, umenewo si mtolo. Mayi amasankha, zazitali pansi, zing'onozing'ono pakati, kenaka luzi kumutu, pakati ndi kumapeto, n'kukoka mpaka kuti ndi! Akasenza, palibe ndi imodzi yomwe yopulumuka m'njira. Mfundo za mwana nazonso zimatero. Zimene walemba kumapeto kwa kope pokonzekera, zofufutafufuta zija, ndi nkhuni chabe. Chimangirizo ndi pamene wasanja mfundozo m'ndime, pamutu umodzi, chili ndi chiyambi, thunthu ndi mathero. N'chifukwa chake mukulondola pang'ono poganiza za kumaliza, koma kumaliza kokha sikukwanira. Ndachongapo masamba awiri odzaza bwino, mutu uli wa ulimi wa mbatatesi, koma mwana wayamba ndi feteleza, walumphira ku mitengo ya mbatatesi pa msika wa Lizulu, wabwerera ku mbewu. Mtima unkandipweteka, chifukwa mfundo anali nazo zenizeni, za kumunda kwa makolo ake, luzi ndiye panalibe.

Mawuwa amakhala kwambiri m'kalasi ndi pa mayeso a MANEB, kuyambira Sitandade 8 mpaka Fomu 4. Kumeneko mwana amakumana ndi chimangirizo chofotokoza chinthu, chosimba zimene zinachitika, ndi cha mtsutso. Kumsika kapena kubwalo la mfumu simungawamve, ndipo mukauza anzanu a gulu kuti mwabweretsa chimangirizo adzadabwa.

Mwanayo akalemba, mumuuze akuwerengereni mokweza madzulo. Pakutha pa ndime iliyonse mumufunse kuti, “Apa mfundo yako ndi iti?” Akatchula ziwiri, ndimeyo aigawe.