Sitandi ya ku Ruwa: kuyankha achemwali a ku Tafara

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akuchita lendi ku Tafara, komboni ya mu Harare kuno ku Zimbabwe, zipinda ziwiri ana atatu. Asonkhanitsa kandalama, wina wawapezera sitandi (puloti yomangapo nyumba) ku Ruwa, tauni ya kum'mawa kwa Harare, koma mayi awo akukana, akuti kumeneko ndi kutchire, mukadzafa adzakuikani ndani. Ndiye akufunsa kuti ife amene tikukhala kuno tikuuona bwanji moyo, ndipo tauni ikukulayi ikukulira anthu ngati ife kapena eni ndalama okha.

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu ndipo usiku umenewo tulo tinandivuta, chifukwa mawu a mayi anuwo ndi omwe aja malemu bambo anga anandiuza mu 2010 nditawaonetsa mapepala a malo amene ndikulemberapo panopa. Anangoti "iwe, kumene kulibe anzako si kwanu", n'kutembenukira kukhoma.

Bambo anga anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, ija ya 1953 mpaka 1963, anadzera ku Tete ngati anzawo ambiri a ku Nyasaland, n'kupeza ntchito yophikira azungu ku Highlands, kumayadi a mu Harare. Nyumba anaipeza ku Mabvuku, komboni yoyandikana ndi Tafara, ndipo ife tonse tinabadwira momwemo. Kumudzi sanabwererenso, anali mtchona weniweni, ankangotchula maina a mapiri akamwa tiyi. Ndiye Khisimasi ikafika anzathu achishona onse m'laini mwathu ankakwera mabasi ku Mbare kupita kumusha, ndiye kuti kumudzi kwawo, ku Murehwa, ku Rusape, ku Gutu, ife n'kutsala m'komboni muli zii, agalu okha. Kusukulu amatitcha mabhurandaya, ena mabwidi, maina onyozera anthu ochokera ku Malawi, ndipo mwana ukamakula umazolowera kuseka nawo koma mumtima chimakhalamo.

Chinandipweteka zenizeni mu 2005. Ndinali nditakwatira, tikukhala m'kanyumba kakuseri kwa bambo, ka zipinda ziwiri kamene ndinamanga ndekha. Nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, mu June kukuzizira, kanagwetsedwa, ndipo mawu amene anali pakamwa pa aliyense anali oti bwererani kumusha. Lipoti la United Nations limene analemba Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwira ntchito. Mnzanga woyandikana naye anakweza bedi ndi mapoto pa lole kupita ku Mutoko. Ine ndinaima pa njerwa zophwanyikazo, mkazi wanga ali ndi pakati, ndikudzifunsa kuti nanga ine ndilowere kuti? Ku Dedza sindinapondeko, chitupa changa nthawi imeneyo chinali cha alien, kutanthauza mlendo wopanda unzika, ngakhale ndinabadwira mu Harare momwe muno, mpaka malamulo a dziko a 2013 ndi amene anatibwezera unzika ife obadwira kuno makolo athu ochokera m'maiko oyandikana nawo. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ana anga adzakhala ndi malo olembedwa dzina la bambo awo.

Ndiye ndikamva munthu akuti bwanji mukuthamangira kutchire, magazi amandiwira pang'ono. Mshona akagula sitandi ku Ruwa wagula nyumba yachiwiri, zikavuta ali ndi munda kwawo, ali ndi manda a makolo. Ife tikagula sitandi tagula mudzi. Palibenso kwina.

Koma musaganize kuti ndinayenda bwino. Poyamba ndinalowa kopaletivi ina ya nyumba, mwezi ndi mwezi kupereka, tcheyamani wake wovala suti wolankhula bwino zedi, amatitengera kukaona malo Loweruka n'kumaloza ndi kiyi wa galimoto kuti apa sukulu, apa chipatala. Ndalama zija zinapita, zina zinadyedwa zina zinangosungunuka ndi kugwa kwa ndalama kwa 2008, ndipo malowo kenako tinamva kuti si awo n'komwe. Anthu otere kuno timawatcha ma land baron ndipo achuluka moti boma linachita kukhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena mu 2018 kuti ifufuze za kugulitsa malo a boma. Ine ndinayambiranso pa ziro madola a ku America atabwera, ndinagula 2010, ndinalowa m'nyumba 2013 mulibe siling'i, mazenera awiri otseka ndi makatoni.

Nthawi imeneyo kuseri kwa nyumba yanga kunali mitengo ya msasa, mu Ogasiti masamba ake ofiira aja mumachita kuima kuyang'ana, ana ankatola bowa dzinja, usiku kumva akadzidzi. Lero ndikaima pakhomo ndimaona mipanda ya konkire, ma durawall, okhaokha ndi matanki obiriwira pamwamba pa zitsulo. Kalembera wa 2012 anapeza anthu pafupifupi 56,000 mu Ruwa, wa 2022 anapeza opitirira 90,000, ndipo munthu sufunika kalembera kuti udziwe, ungoima pa msewu wa ku Mutare cha m'ma 6 koloko m'mawa uone magalimoto atandondozana kuyambira pa mphambano ya ku Mabvuku mpaka ku Msasa. Makilomita ongopitirira 20 kukafika m'tauni koma masiku ena ola ndi theka. Zimre Park, Damofalls, Windsor Park, Mabvazuva, maina akungowonjezekera, kumene kunali ma famu a ng'ombe ndi chimanga pano ndi malata okhaokha.

Mukawafunsa anthu muona kuti aliyense akuona Ruwa wake. Amene tinabwera kale timadandaula, fumbi, phokoso la mabala, akuba mabatire a sola, mitengo yatha. Amene angobwera kumene kuchokera ku lendi ya ku Glen View kapena Chitungwiza amati kuno ndi kumwamba, palibe landilodi wowerenga ndowa za madzi, palibe wokuuza kuti ana ako akusokosa. Onsewo akunena zoona, ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri.

Koma pali gulu lina limene palibe amalifunsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu athu. Pafupi ndi ine panali madala ena, makolo awo a ku Ntcheu, anakulira pa famu cha ku Goromonzi, ntchito inatha ma famu atalandidwa kuyambira 2000. Amakhala m'kabini ya matabwa pa sitandi ya munthu amene ali ku UK, ntchito yawo kulondera simenti ndi njerwa, malipiro ake malo ogona basi. Pa masitandi opanda kanthu amadzala chimanga ndi maungu, mkazi wawo ankatibweretsera nkhwani wotendera m'kambale kophimba ndi kansalu, ndipo Chichewa chawo chinali chija chakale chimene ana anga amachita kundifunsa kuti agogo akuti chiyani. Tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana amisiri akukhoma malata pa nyumba ya bwana wawoyo, ndinati madala nyumba yakongola, iwo anati "denga likatha ndiye kuti ine ndasamuka". Aka kanali kachinayi kusamuka motere. Nyumba iliyonse imene yatha kumangidwa imawakankhira kutsogolo kumene kukadali tchire, kabini pa ngolo, mbuzi ziwiri pambuyo. Ndiye anthu akamati Ruwa ikutukuka ine ndimavomera, koma ndimaonanso kabini ija ili pa ngolo, ndipo ndikunena mosabisa kuti tauni imene ilibe malo a anthu amene akuimanga ndi kuilondera ikukula molakwika. Masitandi akudulidwa a anthu a ndalama zakunja, wogwira ntchito m'mafakitale a mu Ruwa momwemo akuchita lendi chipinda chimodzi kapena akuyenda kuchokera ku Epworth ndi Caledonia. Zimenezi sizabwino ndipo sindisiya kuzinena.

Tsono za funso la mayi anu lija. Mkazi wa madala aja anamwalira kabini isanasamuke. Ine ndinali ndi mantha kuti maliro akhala a anthu asanu, chifukwa oyandikana nawo ambiri kuno sadziwana, munthu amatuluka pageti ndi galimoto m'mawa kubwera usiku, mungakhale zaka zitatu osadziwa dzina lake. Koma uthenga unayenda pa WhatsApp, pofika madzulo lole inaima, amayi a chigwirizano a CCAP ochokera ku Mabvuku ndi Tafara kwanuko atavala zoyera, a bungwe la maliro atanyamula ufa ndi nkhuni, anaimba nyimbo za Chichewa usiku wonse pa sitandi yopanda mpanda, mpaka anthu a m'ma durawall aja anatuluka, ena kubweretsa mipando, wina analumikiza getsi kuchokera kwake. Ndinalira usiku umenewo, osati chifukwa cha maliro okha. Bambo anga anamwalira asanaone zimenezi. Muwauze mayi kuti Tafara ndi Ruwa ndi ulendo wa kombi (minibasi) imodzi, anthu athu amabwera, koma amabwera kwa munthu amene sanasiye kusonkha ku bungwe ndi kupita pamaliro a anzake. Amene amasamuka n'kudzitsekera mumpanda kuti tsopano ndine wa kumayadi, ameneyo inde adzaikidwa ndi kampani ya maliro.

Nkhani ya madzi

Iyi ndiye musaitenge mopepuka. Mpopi m'nyumba mwanga ulipo koma umatha masabata uli gwa. Ambiri timadalira zitsime zokumba pamanja, mu Okutobala zimauma, ndiye kugula madzi a bauza, galimoto yonyamula madzi, kudzaza tanki ya malita 5,000, amene alibe tanki ana awo ndi zigubu pa wilibala kupita ku mjigo m'bandakucha. Choopsa kwambiri ndi choti kumalo kumene kulibe mapaipi a suweji aliyense amakumba chimbudzi kapena septic tank pa sitandi yaing'ono, chitsime cha mnzako chili pomwepo kuseri kwa khoma. Ife amene tinaona kolera wa 2008 ndi 2009 amene anapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno sitimwa madzi osawiritsa kapena kuthira mankhwala. Ogulitsa masitandi akuuzani za damu la Kunzvi, limene takhala tikulimva kuyambira ndili mnyamata ndipo ntchito yake inayamba 2021. Ndikulifunira zabwino, koma inu muwerengere madzi amene mwawaona ndi maso pa sitandipo. Magetsi nawo amathimathima, kasola kakang'ono koyatsira mababu ndi kutchajira foni muikiretu mu bajeti.

Ndiye mugule kapena ayi? Ine ndikuti gulani, koma ndalama isatuluke musanachite izi. Tengani nambala ya sitandiyo mupite nokha ku khonsolo, osatuma wogulitsayo, mukafunse ngati malowo ali pa mapu ovomerezeka, ngati amene anadula masitandiwo ali ndi chilolezo, ndiponso dzina limene lili pa faelo. Funsani ngati pali title deed, chikalata cha umwini, kapena ndi cession, pepala longokupatsani ufulu wa wogulitsayo pa malowo popanda chikalatacho, loya aone mapepalawo ndipo ndalama idzere kwa loyayo, osati m'galimoto pa malo oimika. Kaoneni malowo mvula itagwa kwambiri mu Febuluwale, chifukwa madambo ambiri agulitsidwa nthawi ya chilimwe akuoneka ouma, ndipo mufunse amayi oyandikana nawo kuti chitsime chawo chimauma mwezi uti. Wogulitsa akamati fulumirani pali wina akufuna, musiyeni apite.

Ndipo mayi anuwo musakangane nawo pa foni. Loweruka lina muwakweze kombi mubwere nawo, akaime pa sitandipo, aone kutalika kwake kuchokera ku tchalitchi kwawo. Mukandilembera ndidzakudikirani pa siteji, mudzayambe mwadzera kwathu, mkazi wanga wadzala chigwada kuseri kwa tanki ndipo akuti adzawaphikira.